Kumapenshoni Kulibe Wodwala

12 Januwale

Mwana wanga chisamba,

Moni kwa iwe, mkamwini wanga ndi adzukulu. Kaya mukudzuka bwanji kutali komweko? Ine kuno ndili gwa, ndikudya, ndikugona, ndikukangana ndi anzanga monga mwa masiku onse. Ukapeza mpata unditumizire masokosi okhuthala. Usafunse zambiri, mapazi a nkhalamba amamva chisanu ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Nkhani ilipo ndipo si yabwino. Kwamveka kuti mwezi wa Meyi kubwera anthu a boma kudzaona ngati tauni yathu ino ikuyenerabe kukhala ndi kachipatala kake. Akuti adzatiwerenga. Tikapezeka ochepa atseka, ndipo lamulo likuti nyumba za anthu opuma pa ntchito sizikhala popanda chipatala pafupi. Ndiye kuti ife akumapenshoni atimwaza, wina kwa mwana wake, wina ku nyumba za okalamba mumzinda waukulu. Ine ndisiye manda a amayi ako? Ayi ndithu, zimenezo ndiye ayi.

Iwe unakula zinthu zitayamba kale kutha, sudziwa kuti pano panali tauni. Poyambirira panali thengo ndi thanki yomwetsa sitima madzi, basi. Kenaka kunabwera fakitale ya mabulangete, anthu n'kukhamukira kuno ngati nyerere pa shuga. Nthawi imene ndinkayamba ntchito yopenta, belu loweruka likalira msewu unkadzaza mpaka njinga kuchita kukankha. Masukulu analipo awiri, nyumba ya kanema, ndi telala pa khonde lililonse. Chikwangwani cha pamsewu chonena chiwerengero cha anthu ndinkalemba ndine, chaka ndi chaka kumangowonjezera. Fakitale itatsekedwa ndinayamba kuchotsera, mpaka a khonsolo anandiletsa, ati ndikuchititsa tauni manyazi. Nyumba za antchito zija anazipaka laimu n'kuikamo ife nkhalamba. Lero ukaima pamsika ungoona imvi zokhazokha, ndipo mwana akabadwa timakamuona ngati kadamsana.

Dzulo tinakumana mu holo. Asiteshoni, aja ankagwira ntchito ku sitima n'kumakuopseza ndi wezulo uli mwana, ndiwo atcheya athu tsopano. Anati, "Anzanga, amene akutichepetsa ndi Anesi a pakachipatala kathuka. Ukangopita ndi kachifuwa, iwo akulembera za ku chipatala chachikulu, ambulansi n'kukunyamula. Mwa onse anatengedwa chaka chatha, wabwerako ndani?" Tonse tinavomereza, poti n'zoona. Ndiye tapangana kuti kufikira owerengawo atadutsa, kumapenshoni kulibe wodwala. Palibe woponda pakhomo pa Anesi.

Mlongo wako mzime usamuuze za panganoli. Umamudziwa, mutu wake ndi wotentha ngati injini ya lole yakeyo, akhoza kukazitaya kwa Anesi tsiku lomwelo.

Ndine bambo ako.


3 Febuluwale

Achemwali,

Moni. Alamu ndi ana ali bwanji? Ine ndilipo, lole ndi imene ikundidya msana. Sindichulutsa gaga m'diwa, Ababa akutsimphina.

Akuvala jombo zawo za ku fakitale zija kutentha konseku, m'nyumba momwe, ndipo ndikukayika ngati amavula pogona. Lamlungu ndinawapeza pakhonde, mwendo atausanjika pa chitini cha penti. Nditalowa kuchipinda kwawo kukasiya sopo ndinamva kafungo kena, ndipo sikanali ka penti. Ndinati, "Ababa, tavulani jomboyo ndione." Iwo anati, "Udokotala unauyamba liti iwe? Kayang'ane matayala a lole." Inu mukudziwa kuti munthuyu ali ndi shuga. Anesi ndinakumana nawo pamsika, akuti chiyambire chaka chino sanawaone, ngakhale kudzatenga mapiritsi. Akuti si iwo okha, nkhalamba zonse zangoleka kubwera ngati zachiritsidwa ndi mngelo.

Ine sandimvera. Kwa iwo ndikadali mwana wa dzulo ngakhale ndevu zayamba kutuwa. Inu ndiye amakuopani. Alembereni msanga, muwauze apite kwa Anesi akavule jomboyo. Ndili ndi mantha, achemwali, sindikubisirani.

Nkhani ina, abwana akufuna kundisamutsira ku depoti ya mumzinda. Pali kanyumba ka zipinda ziwiri. Ndaganiza kuti zikatheka Ababa ndidzawatenge, poti chipatala chachikulu chili pafupi pomwepo. Sindinawauze, ndikudikira maganizo anu.

Mlongo wanu.


24 Febuluwale

Achimwene,

Tonse tili bwino, zikomo pofunsa. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinayambira kumapeto, poti nkhani yeniyeni munaibisa kumeneko. Ndiye mwangopeza nyumba mumzinda, basi Ababa ayamba kununkha? Aaa, achimwene, manyazi mulibe?

Ababa anandilembera mwezi watha, kalata yaitali, zilembo zili chilili ngati za pachikwangwani. Munthu wodwala salemba choncho. Za jombo musandiseketse, amayi anakangana nawo moyo wawo wonse chifukwa cha jombo zomwezo. Za kwa Anesi zisiyeni, pali chifukwa chake, ndipo si ine woti ndikuuzeni.

Ine kuno ntchito yanga ndi yosamalira nkhalamba za eni ake, ndimaziona. Amabwera nazo ana awo, mawu ali okoma, "Tikufuna mukhale pafupi ndi chipatala." Pakatha miyezi itatu munthu wasiya kulankhula, akungoyang'ana khoma. Mtengo wakale suzulidwa. Ababa mukawachotsa pafupi ndi manda a amayi, mwawapha ndinu.

Ngati mwatopa nawo nenani poyera, tiona chochita. Koma musandigwiritse ntchito ngati ndodo yowakusira mu lole yanuyo. Ndili kutali, koma sindine chitsiru. Iwonso ndawalembera lero, ndawauza kuti wina asawasunthe pamene iwo sakufuna.

Mlongo wanu wamkulu.


15 Malichi

Mwana wanga chisamba,

Moni nonse. Masokosi afika, ndi ofewa bwino, Mulungu akudalitse. Mawu akonso andilimbitsa mtima. Ndinadziwa kuti mwa ana anga alipo mmodzi wondimvetsa. Mlongo wako anabwera kamodzi, anaima pakhomo osakhala pansi, nati, "Mwana wanu wokondedwa walamula, ine ndasamba m'manja." Chichokereni sanabwerenso, akuti ali ku maulendo ataliatali. Ngati wakulembera undiuze ali kuti.

Pangano likuyenda, koma si masewera. Anesi ayamba kuyendera khomo ndi khomo ndi kachikwama kawo. Tikangoona yunifolomu yoyera pa geti, timatulutsa tebulo ndi makadi, kuseka mokweza ngati anyamata. Wachifuwa amathawira kubafa n'kutsegula mpopi kuti asamveke. Lachitatu Atelala, oyandikana nane aja, anagwa potunga madzi. Tinawakokera m'nyumba mwanga, kutseka chitseko, kuwakupiza ndi katoni mpaka anatsitsimuka. Anesi atafunsa tinati akusamba. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, maso ali ndi misozi, nati, "Makolo anga, ndakulakwirani chiyani? Bwerani, mukapanda kubwera mudzanong'oneza bondo." Asiteshoni akuti umenewo ndi msampha. Tsopano mayiyo amangokhala pakhonde la chipatala, bwalo kulisesa kawiri pa tsiku. Timawamvera chisoni, koma nkhondo ndi nkhondo.

Tsono poti iwe uli mbali yanga, ndikuuze kanthu kakang'ono. Chaka chisanathe ndinaponda kamsomali pokonza shelefu. Kanali kachilonda kosaoneka n'komwe. Kanakula pang'ono, ndipo masabata apitawa kankandisowetsa tulo. Ndimatsuka ndi madzi a mchere n'kumanga ndi kansalu. Chala chachikulu chada ngati ndachiviika mu penti, chachiwiri chayambanso, koma nkhani yabwino ndi yakuti kupweteka kwasiyiratu. Ngakhale nditsine sindimva kanthu. Ndiye kuti kakupola, si choncho? Iwe umadziwa za odwala.

Meyi sali kutali. Owerenga akangodutsa m'mawa, masana ndili kwa Anesi, ndikulonjeza. Mzime asamve.

Bambo ako.


2 Epulo

Achimwene,

Moni, koma siyani chilichonse chimene mwagwira. Pitani kwa Ababa lero lomwe, muwavule jomboyo ngakhale mochita kung'amba. Andilembera okha kuti zala zada ndipo sakumvanso kupweteka. Kumeneko si kupola, phazi likufa. Kalata yawo yatenga masabata awiri panjira, ndiye panopa zafika pati, Mulungu wanga!

Chimene ndinakubisirani ndi ichi. Nkhalamba zonse zinapangana kuti zisapite kwa Anesi mpaka a boma adzawerenge anthu mu Meyi, poopa kutumizidwa mumzinda, chiwerengero n'kuchepa, chipatala n'kutsekedwa. Ndinkadziwa kuyambira Januwale. Munandiuza zoona ine n'kukutukwanani. Mudzanditukwane bwino pambuyo pake, ndidzamvetsera. Panopa thamangani. Akakana anyamuleni, akakumenyani pirirani.

Mlongo wanu.


19 Epulo

Achimwene,

Muli moyo kodi? Bwanji zii? Ndaimba ku depoti kwanu kangapo, akungoti muli panjira, sakudziwa tsiku lobwera. Ndaimba ku ofesi ya kumapenshoni, anayankha ndi Asiteshoni, ati, "Apenta ali bwino kwambiri, akusewera makadi," n'kudula. Foni ya ku chipatala ikungolira ngati yafa. Kuntchito akundikaniza tchuthi. Sindikudya, ndikungolakwitsa zinthu. Ngati mukundilanga, mwandilanga mokwanira. Koma amene akuwola ndi bambo anu, si ine.

Mlongo wanu.


11 Meyi

Achemwali,

Moni kwa alamu ndi ana. Khalani pansi musanawerenge.

Makalata anu onse awiri ndinawapeza pansi pa chitseko nditabwera ku ulendo wa kumalire. Maulendowo ndinachita kupempha ndekha, poti mawu anu aja anandikhala pamtima ngati mwala. Nditawerenga sindinavule ngakhale ovololo.

Ndinafika kumapenshoni dzuwa lili pamutu. Pakhomo pa Ababa panali Asiteshoni, atakhala pampando chopingasa, ati, "Bambo ako akupumula." Ndinawanyamula ndi mpando womwewo n'kuwaika pambali. M'katimo Ababa anali gone pabedi, thupi lili moto, jombo zili kuphazi, Atelala akuwakupiza. Mawindo onse anali otseka kuti fungo lisatuluke. Jomboyo inakana kuvuka, ndinachita kuicheka ndi mpeni. Zimene ndinaona sindilemba.

Ndinawabereka kumsana. Munthu woti amalephera kudzutsa mutu anapeza mphamvu, kundimenya zibakera m'makutu, akukuwa, "Nditsitse! Yatsala sabata imodzi yokha, nditsitse!" Nkhalamba zonse zinatuluka m'nyumba, kundandalika m'mbali mwa kanjira kopita ku geti. Anthu oti anandiona ndikukwawa ankandinena kuti kapirikoni, wogulitsa anzake. Gogo wina anandigenda ndi kapu. Ndinayenda osatembenuka, misozi ikungotsika, kaya ya mkwiyo kaya ya chiyani.

Titafika pa chipatala, Anesi atangovundukula kansalu anathamangira kukaitana ambulansi. Mwendo anaudula m'mawa mwake, m'munsi mwa bondo. Adokotala akuti tikanachedwa pang'ono tikanagula bokosi. Ali moyo, achemwali, malungo atsika.

Tsono imvani zinazi, ndipo muzimve bwino. A boma aja anabwera Lachiwiri lapitali. Ine ndinali kumeneko, ndinapita kukatenga zovala za Ababa. Nkhalamba zinavala masuti ndi madiresi a kutchalitchi, kufola kutsogolo kwa holo kuyambira m'mamawa kuti ziwerengedwe. Ena ochita kuwanyamula pamipando, kuwapaka mafuta kumaso kuti aoneke athanzi. Galimoto inafika, inawadutsa osaima, n'kukaima pa chipatala. Sanawerenge munthu ndi mmodzi yemwe. Chiwerengero cha tauni anali nacho kale ku ofesi kwawo, ndipo chinali chokwanira. Chimene anadzera ndi kufunsa Anesi kuti chiyambire Januwale athandiza odwala angati. Inu mukudziwa kuti m'tauni muno odwala ambiri ndi akumapenshoni. Anapeza mabenchi opanda munthu, mankhwala ali m'makatoni osatsegula. Anati chipatala chopanda odwala boma silingachisunge. Atseka kumapeto kwa Juni, ndipo akumapenshoni auzidwa kuti ayambe kulemberana ndi ana awo.

Anandiuza zimenezi ndi Anesi eni ake, akulira. Akuti, "Akanangobwera ndi zifuwa zawozo, ndi miyendo yawoyo, chipatala chikanakhala." Anakawauza Asiteshoni maso ndi maso. Koma mukuganiza mdala uja angavomere? Akuuza aliyense kuti a boma anawerengera pawindo la galimoto, ndipo panaperewera munthu mmodzi, Apenta, amene mwana wawo anawaba. Nkhalamba zonse zakhulupirira.

Akatuluka m'chipatala ndiwatengera ku kanyumba ka ku depoti kaja. Kwina kulibe.

Mlongo wanu.


30 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Pepa zilembo zapindika, ndikulembera pabedi. Adzukulu uwauze kuti agogo awo alipo, kungoti afupika mbali imodzi.

Ndili mumzinda, m'nyumba ya dalaivala uja. Pawindo ndimaona khoma la depoti ndi malole akubwerera chambuyo tsiku lonse. Asiteshoni andilembera zonse. Tinaperewera munthu mmodzi, mwana wanga, mmodzi yekha! Miyezi yonse ija tinapirira, Atelala kugwa, ena kutsokomolera m'mapilo, ndipo tinali titafika. Mwendo sindikuudandaula, ndinaupereka ndikudziwa chimene ndikugula, ndipo akanafuna winawu ndikanaperekanso. Chikundiwawa ndi chakuti tinapambana, mwana wanga yemwe n'kutilanda m'manja. Tsopano anzanga akumanga katundu chifukwa cha magazi anga. Ndidzawayang'ana bwanji?

Sindilankhula naye. Amandiphikira, ndimadya poti ndikufuna mphamvu. Andipatsa ndodo ziwiri, ndipo tsiku lililonse ndimayeserera kuchoka pabedi kukafika pachitseko. Tsiku limene ndidzatsike masitepe ndekha, ndidzakwera basi, sadzandionanso. Ndikakhala ngakhale m'chipinda cha kuseri kwa sitolo, bola kwathu.

Iwe wekha ndiye sunandigulitse.

Bambo ako.


14 Juni

Achimwene,

Moni, ndipo zikomo. Mawu ena ndilibe, ndikayamba kupepesa pepala litha. Ababa andilembera, akuti ine ndekha ndiye sindinawagulitse. Ndawerenga mawu amenewo ndili m'basi, anthu mpaka kundifunsa ngati kwagwa maliro. Sindingalole kuti muzisenza mlandu wa Asiteshoni, ndi wanga womwe. M'envulopu muno ndaikamo kalata ina ya Ababa. Ndawauza zonse, za Anesi, za galimoto, ndiponso kuti amene anakutumani kukawanyamula ndine. Apatseni, ndipo mukhale pomwepo akamawerenga.

Mlongo wanu.


1 Julaye

Achemwali,

Moni nonse. Kuno tilipo. Chilonda chauma bwino, dzulo afika pachitseko n'kubwerera osapumira.

Kalata yanu ya Ababa ndaiwerenga ine, ndipo sindiwapatsa. Ndaing'amba. Mukwiye ngati mukufuna, inunso mulawe.

Tamverani. Munthuyu chimene chikumudzutsa m'mawa ndi chakuti nzeru yawo inali yabwino, anaiwononga ndi wina. Akudya chifukwa cha mkwiyo, akuyenda chifukwa cha mkwiyo. Inu mukufuna ndiwauze kuti mwendo unapita pachabe, kuti chipatala anatseka ndi iwo eni ndi jombo yawoyo, kuti anzawo akumwazikana chifukwa chomvera pangano? Tsiku limenelo ndodo aziika pansi, atembenukira kukhoma, ndipo zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine. Komanso mukadziulula kuti munandituma ndinu, atsala ndi mwana uti? Munthu wa mwendo umodzi asiyireniko mwana mmodzi woti azimukonda.

Ndiye muziwalembera monga kale. Akandinena, muzivomereza. Sindikunama, zimawawa. Pena ndimatuluka kukakhala mu lole, zitseko n'kutseka, mpaka mtima utsike. Koma bola azidana nane ali moyo.

Lero m'mawa ndikuwasambitsa anandilankhula koyamba chichokere m'chipatala. Anati, "Iwe ulibe mtima." Ndinati, "Inde, Ababa," n'kuwafunsa ngati madzi sakutentha kwambiri.

Mlongo wanu, mzime.